KUFULULA MOWA PAKHOMO: ZIMENE WOYAMBA KUMENE AYENERA KUDZIWA

M'midzi ya m'boma la Mulanje, kuyambira pa Nkando ndi pa Chonde mpaka ku Limbuli ndi ku Muloza kumalire ndi dziko la Mozambique, kufulula mowa ndi ntchito yakalekale. Makolo ankafulula pa maliro, pa ukwati, potulutsa anamwali, popereka nsembe kwa mizimu ndiponso poitana anansi kuti adzathandize kulima munda. Alhomwe amautcha mowa wa makolowu kuti otheka, ndipo umapezeka pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe umene umachitikira pa Chonde m'mwezi wa Okutobala. Ngakhale fakitale ya mowa wa m'mabotolo ya Carlsberg idatsegulidwa ku Blantyre mu 1968, masese sadathe m'midzi, pakuti ndi otsika mtengo ndipo zipangizo zake zimapezeka pakhomo pomwepo.

Masiku ano ambiri amene akuyamba ntchitoyi akuiyamba chifukwa cha ndalama. Mulanje ndi boma la anthu ochuluka, ndipo gawo lalikulu la nthaka yabwino ya m'tsinde mwa phiri lili ndi minda ya tiyi, mbewu imene idayamba kubzalidwa kumeneko m'zaka za m'ma 1890. Banja limene munda wake ndi waung'ono limasowa pogwira likafuna sopo, mchere, yunifolomu ya mwana kapena ndalama yobweza ku banki m'khonde. Mayi akaona kuti ogwira ntchito m'minda ya tiyi akalandira malipiro amafunafuna pocheza ndi anzawo, amaganiza zogula mgolo, kumeretsa chimera ndi kuyesa mwayi wake. Kale mtsikana ankaphunzira ntchitoyi zaka zingapo ali pambali pa agogo ake. Lero ena amangofunsa mnzawo ku mjigo, mawa lake n'kuyambapo.

A zaumoyo salimbikitsa munthu kumwa mowa. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 2.6 miliyoni adamwalira chifukwa cha mowa, ndipo mu 2023 lidanena kuti palibe muyeso wa mowa umene ungatchedwe wosavulaza thupi. Koma popeza kufulula kukuchitikabe, nkofunika kuti woyamba kumene adziwe kukula kwa udindo umene akusenza. Nsima ya ufa woipa imadwalitsa banja limodzi, pamene mgolo umodzi wa mowa umamwedwa ndi anthu makumi angapo, nthawi zina mazana. Ndipo zambiri zimene zimasandutsa mowa kukhala chiphe zimalowa moto usadakolezedwe n'komwe. Zimadzera m'mbewu, m'madzi ndi m'chiwiya.

ZIMENE ZIMACHITIKA M'MBIYA

Mafululidwe amasiyana mudzi ndi mudzi, koma maziko ake ndi amodzi. Poyamba pamafunika chimera, chimene chimapangidwa ponyika mapira, mawere kapena chimanga m'madzi, kuzisiya kuti zimere, kuziyanika ndi kuzipera. Njere ikamamera imatulutsa mphamvu yosandutsa ufa wake kukhala shuga, kuti kambewu kakang'onoko kapeze chakudya. Mphamvu imeneyi ndiyo wofulula amafuna. Akaphika phala la ufa wa chimanga n'kulisiya kuti lizizire pang'ono, amatsiramo chimera, ndipo phala lija limasungunuka n'kuyamba kutsekemera. Chimera chikatsiridwa phala likadali lowira, mphamvu ija imafa, ndipo ufa ndi nkhuni zimangopita pachabe.

Phala lotsekemerali ndilo thobwa. Likagona, tizilombo tina tosaoneka ndi maso, timene si toyambitsa matenda, timalisasitsa, ndipo yisiti wachilengedwe amadya shuga uja n'kutulutsa mowa ndi mpweya umene umaoneka ngati thovu. Ambiri amawiritsanso phala losasalo, kuliziziritsa, kutsiramo chimera china ndi kulisiya kufikira mowa utapsa, kenaka amasefa. Kawirikawiri ntchito yonse imatenga masiku anayi kufikira sabata, malinga ndi nyengo ndi chizolowezi cha wofulula.

Tsono chofunika kuchimvetsa ndi chakuti kufunda ndi chinyezi zimene zimathandiza chimera kumera ndi yisiti kugwira ntchito ndi zomwezonso zimene chuku ndi tizilombo toopsa timakonda. Kuwiritsa ndi kusasa kumapha tizilombo tambiri, koma pali poizoni wina amene tizilomboto timasiya m'mbewu, yemwe sawonongeka ndi moto ngakhale phala litawira tsiku lonse.

PHUNZIRO LA KU CHITIMA

Pa 9 Januwale 2015, anthu a ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa m'chigawo cha Tete ku Mozambique, adasonkhana pa maliro. Monga mwa mwambo, padali mowa wa chimanga umene kumeneko amautcha pombe, wofanana ndi masese a kuno. Pasadathe tsiku, anthu adayamba kumva m'mimba kupotokola, kusanza, kutsegula m'mimba ndi kufooka. Anthu oposa 230 adadwala, ndipo mwa iwo 75 adamwalira. Mayi amene adafulula mowawo adali m'gulu la omwalirawo.

Mbiri idawanda msanga yakuti munthu wina wankhanza adathira ndulu ya ng'ona m'mgolo. Nkhaniyi idafalitsidwa m'manyuzipepala a maiko ambiri, ndipo anthu adayamba kukayikirana. Patapita miyezi, akatswiri atapima zotsala za mowawo ndi ufa umene udagwiritsidwa ntchito, zoona zake zidadziwika. Munalibe ndulu ya ng'ona. M'ufamo mudaswana kachilombo kotchedwa Burkholderia gladioli, kamene kamatulutsa poizoni woopsa kwambiri dzina lake bongkrekic acid. Ufawo udanyowa ndi madzi osefukira, ndipo udaoneka kuti sungayenere nsima, motero udapita ku mowa. Poizoni ameneyu alibe fungo, samveka pa lilime, safa ndi moto, ndipo alibe mankhwala omuthetsa mphamvu m'thupi.

Nkhani ya ku Chitima ikukhudza anthu a ku Mulanje mwachindunji. Maganizo akuti chimanga chimene chalephera kukhala nsima chikhoza kukhala mowa ndi ofala m'midzi yambiri, chifukwa munthu wosauka kutaya thumba la chimanga kumamupweteka mtima. Komanso Mulanje ndi dera limene madzi amasefukira kawirikawiri. Zidachitika mu Januwale 2015, zidachitikanso ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula nyumba, adakokolola minda ndi kunyowetsa chakudya cha mabanja ambirimbiri. Chimanga kapena ufa umene wamizidwa m'madzi otere suyenera nsima, suyenera thobwa, ndipo suyeneranso mowa. Njira yabwino ndi kuukwirira pansi kapena kuutentha, kuti ngakhale nkhuku ndi nkhumba zisaudye.

CHUKU NDI CHIPERONI

Poizoni wa ku Chitima sapezeka kawirikawiri. Amene amapezeka chaka ndi chaka m'nkhokwe ndi m'matumba ndi wa chuku, wotchedwa aflatoxin. Chukuchi chimamera pa chimanga, mtedza, mapira ndi makaka zimene sizidaume bwino kapena zasungidwa pa malo achinyezi. Nthawi zina chimaoneka chobiriwira, chachikasu kapena chakuda, koma njere ikhoza kukhala ndi poizoniyu ngakhale isakuoneka yoipa kwambiri.

Poizoni ameneyu akalowa wochuluka nthawi imodzi amawononga chiwindi msangamsanga. Mu 2004, ku Kenya, anthu 317 adadwala ndipo 125 adamwalira atadya chimanga chotere. Akamalowa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri amayambitsa khansa ya m'chiwindi, makamaka mwa anthu amene ali kale ndi kachilombo ka matenda otupa chiwindi a hepatitis B, ndipo mwa ana amagwirizana ndi kupinimbira. Kafukufuku amene akatswiri a kuno ku Malawi adafalitsa mu 2011 adapeza poizoniyu m'chimera cha mapira ndiponso m'masese a m'chigawo cha kummwera. Tsono munthu amene amamwa mowa wa chimera chachuku amamenya chiwindi chake kawiri, pakuti mowawo pawokha ndi mdani wa chiwindi kale.

Ku Mulanje vutoli limakula chifukwa cha nyengo. Derali lili m'gulu la madera amene amalandira mvula yambiri m'dziko muno, ndipo m'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, chiperoni chimabwera ndi nkhungu ndi mvula yowazawaza imene imatha masiku angapo osaleka. Imeneyi ndi nthawi yomwe mbewu zangokololedwa kumene ndipo ambiri amafuna kufulula. Chimera chimene chayanikidwa m'mawa dzuwa likuwala chikhoza kukhala masiku atatu osauma, ndipo masiku amenewo ndi okwanira kuti chuku chikhazikike. Wofulula wanzeru amayamba wayang'ana kuphiri. Akaona kuti chiperoni chayandikira, amadikira kaye osanyika mbewu.

KAPANGIDWE KA CHIMERA CHABWINO

Ntchito imayambira pa lichero. Mbewu ziyenera kupetedwa ndi kusankhidwa ndi manja, kuchotsa njere zonse zowola, zofumbwa, zonyala, zosweka ndi zosintha mtundu. Ndi ntchito yotopetsa, koma kusankha kotere kumachotsa gawo lalikulu la poizoni, chifukwa amaunjikana m'njere zochepa zoipazo. Mbewu zikathiridwa m'madzi, zonse zoyandama zitayidwe.

Mbewu yobzala yogula m'sitolo, ija imakhala yopakidwa mtundu wofiira kapena wobiriwira, isayandikire m'mbiya ngakhale itatsukidwa kangati, pakuti mtunduwo ndi chizindikiro chakuti idapakidwa mankhwala. Chimanga chimene chidathiridwa mankhwala a anankafumbwe chigwiritsidwe ntchito pokhapokha nthawi yolembedwa pa botolo la mankhwalawo itakwana, ndipo chipetedwe ndi kutsukidwa bwino. Amene sakudziwa nthawiyo afunse mlangizi wa zaulimi. Safunsa adadya phula.

Ponyika pamafunika madzi oyera, ndipo ndi bwino kuwasintha m'malo mosiya mbewu m'madzi amodzimodzi mpaka kununkha. Zikavuulidwa ziyalidwe pa mphasa kapena pa thumba lochapa bwino, osaunjika mulu waukulu, ndipo zifunditsidwe ndi masamba a nthochi atsopano kapena nsalu yoyera. Tsiku lililonse wofulula azivundukula, kuzitembenuza ndi kuzinunkhiza. Chimera chabwino chimamveka fungo la mbewu yomera kumene. Chikamveka fungo la chinyezi cha m'nyumba yotsekedwa, kapena chikaoneka ngati chakutidwa ndi ulusi wa kangaude wobiriwira kapena wakuda, chawonongeka. Ena amakhulupirira kuti chimera chachuku chimakometsa mowa kapena kuupatsa ukali. Chikhulupiriro chimenechi chapweteketsa anthu ambiri osadziwa.

Mbewu zikamera ziyanikidwe msanga pa dzuwa, pa thandala kapena pa mphasa, osati pa dothi pamene nkhuku, mbuzi ndi agalu zimayenda. Kuuma kwake kumadziwika poluma njere, chifukwa youma bwino imathetheka. Njira ina ndi kuika njere pang'ono ndi mchere wouma m'botolo louma, kutseka ndi kukhutchumula. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, ndiye kuti njerezo zikadali ndi chinyezi. Chimera cha mapira chili ndi chenjezo lake lapadera. Timizu ndi timphukira ta mapira omera tili ndi poizoni wa mtundu umene umapezekanso m'chinangwa chowawa, choncho chikauma chifikisidwe m'manja ndi kupetedwa kuti timizuto tichoke chisadapite ku mtondo kapena ku chigayo. Chimera chopera chisungidwe pouma, pamwamba, ndipo chisakhalitse.

MADZI OFULULIRA NDI OTSUKIRA

Gawo lalikulu la mowa ndi madzi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, midzi yambiri ya ku Mulanje idalandira madzi a m'mipope ochokera m'phiri, anthu eni ake atakumba okha ngalande zoyalamo mipopeyo. Kwina kuli mijigo. Koma mpope ukaphulika kapena mjigo ukawonongeka, anthu amabwerera ku mitsinje monga Ruo, Likhubula, Lichenya ndi Thuchila, kapena ku zitsime zosatetezedwa. Mliri wa kolera umene udayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka mu 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo udakumbutsa aliyense kuti madzi ooneka oyera akhoza kukhala ndi matenda.

Madzi amene amawira pamodzi ndi phala savuta kwenikweni. Ngozi ili pa madzi amene amabwera pambuyo pake, monga osungunulira chimera, oonjezera kuti mowa uchuluke, otsukira sefa, ndiponso a m'beseni limodzi limene makapu ndi zipanda zimaviikidwamo kuyambira m'mawa mpaka usiku. Madzi onsewa akhale owiritsa kapena othira klorini, amene alangizi a zaumoyo amagawa ndi kuphunzitsa kathiridwe kake. Makapu atsukidwe ndi sopo munthu aliyense akatha kumwera, ndipo madzi a m'beseni azisinthidwa. Chipanda chotungira chikhale ndi chogwirira chachitali kuti dzanja lisalowe m'mowa, ndipo wina asamwere chipanda chomwecho.

Pakhomo pogulitsira mowa pamafika anthu ambiri, choncho pamafunika chimbudzi chabwino chokhala ndi chivundikiro, chotalikirana ndi pofululira, ndiponso mpondagiya wokhala ndi sopo kapena phulusa. Wofulula amene akutsegula m'mimba, kapena amene akusamalira wodwala matendawa, aime kaye ntchitoyi.

MBIYA KAPENA MGOLO

Makolo ankafulula m'mbiya zadothi. Lero ambiri amakonda migolo chifukwa ndi yaikulu ndipo sisweka. Funso loyamba pogula mgolo pa msika ndi lakuti kale munkakhala chiyani. Migolo ndi zigubu zambiri zidasungapo mankhwala ophera udzu ndi tizilombo ta m'minda, penti, mafuta a galimoto kapena mankhwala a m'mafakitale. Mankhwala otere amalowerera m'pulasitiki ndi m'ming'alu ya chitsulo, ndipo satha ndi kutsuka. Mowa, pokhala wofunda ndi wosasa, umawatulutsa pang'onopang'ono. Mgolo umene mbiri yake siyikudziwika, kapena umene uli ndi chithunzi cha chigaza ndi mafupa, usagulidwe ngakhale utatsika mtengo chotani. Chigubu choyenera ndi chimene chidapangidwira zakudya, monga cha mafuta ophikira, ndipo phala lowira lisathiridwe m'pulasitiki.

Mgolo wachitsulo uli ndi vuto lina ngakhale utakhala woyera. Mowa wosasa umadya chitsulo, makamaka chadzimbiri, ndipo chitsulocho chimasungunukira m'mowa. Thupi limafuna mchere wa chitsulo pang'ono kuti lipange magazi, koma ukachuluka lilibe njira yabwino youtulutsira, motero umaunjikana m'chiwindi ndi m'ziwalo zina. Kuyambira mu 1929 madokotala a ku South Africa ankapeza chitsulo chochuluka m'ziwindi za anthu omwalira, ndipo pambuyo pake kudadziwika kuti gwero lake lalikulu lidali mowa wofululidwa m'migolo yachitsulo. Zomwezo zidapezekanso m'midzi ya ku Zimbabwe. Chitsulo chotere chimaumitsa chiwindi ndipo chimagwirizananso ndi matenda a shuga ndi a mtima. Chifukwa cha ichi, amene alibe chophikira china koma mgolo wachitsulo aphikiremo phala lokha, kenaka alisamutsire m'mbiya kuti lisasire ndi kupsera m'menemo. Apa nzeru ya makolo ikadali yopambana.

Mbiya itsukidwe ndi madzi otentha, iumitsidwe pa dzuwa, ndipo mowa ukakhalamo ivundikiridwe ndi nsalu yoyera kapena lichero kuti ntchentche, mphemvu, abuluzi ndi makoswe zisagweremo. Chigubu chisatsekedwe zolimba mowa ukadatulutsa thovu, chifukwa mpweya ukasowa potulukira chimaphulika.

MOTO NDI ANA

Mgolo wa phala lowira ndi ngozi yaikulu kwa mwana wokwawa ndi woyamba kuyenda, ndipo phalalo limakhala lotentha kwa maola ambiri litaphulidwa. Mafuwa akhale okhazikika, pofululira patchingidwe, ndipo mayi asatakase phala mwana ali kumbuyo. Mwana akapsa, bala lithiridwe madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, lifunditsidwe ndi nsalu yoyera, ndipo athamangire naye kuchipatala. Mazira, mankhwala otsukira mano, dothi ndi ndowe sizichiritsa bala la moto, zimangolowetsamo tizilombo.

CHIYESO CHA MOWA WAUKALI

Woyamba kumene sachedwa kumva madandaulo akuti mowa wake ndi wozizira, wa uje ndiye umagwira msanga. Apa ndi pamene ena amagwa m'chiyeso chothira zinthu zachilendo monga feteleza, madzi a m'mabatire, mapiritsi kapena spiriti wa m'mafakitale. Zonsezi ndi ziphe. Spiriti wa mtundu wa methanol, ngakhale wochepa, amachititsa khungu losachiritsika ndipo amapha. Amene wathira zotere m'mowa, anthu n'kufa, amayankha mlandu waukulu pamaso pa lamulo ndi pamaso pa mudzi.

Ena akaona kuti masese amawonongeka msanga amasamukira ku kutcheza kachasu, amene amasungika nthawi yaitali ndipo amabweretsa ndalama mofulumira. Koma kachasu ndi waukali kangapo kuposa masese, ukali wake susiyanitsika ndi maso, ndipo mipope yakale imene ena amatchezera ikhoza kuonjezeramo mtovu ndi zitsulo zina zoopsa. Dziko la Malawi lili m'gulu la maiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse, ndipo mowa, makamaka ukaphatikizana ndi fodya, ndi chimodzi mwa zinthu zodziwika zimene zimayambitsa khansa imeneyi. Mowa waukali wotsika mtengo udavutitsapo kale dziko lino, mpaka boma lidaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015 litaona mmene unkawonongera achinyamata ndi ana a sukulu.

OYENERA KUKANIZIDWA

Wofulula amadziwa anthu a m'mudzi mwake kuposa wogulitsa wa m'tauni, choncho ali ndi mwayi woteteza ena. Mwana wosakwana zaka 18 asagulitsidwe mowa, asatumidwe kukagula, ndipo asalawitsidwe. Thobwa limene lagona masiku awiri kapena atatu n'kuyamba kusasa ndi kuchita thovu lasanduka mowa, motero si chakumwa cha ana. Mayi woyembekezera asamwe ngakhale pang'ono, pakuti mowa umadutsa m'magazi ake kukafika kwa mwana wosabadwayo ndi kuwononga ubongo wake kwa moyo wonse. Mayi woyamwitsa adziwe kuti mowa umalowa m'mkaka wa m'mawere, ndipo sizoona kuti masese amachulukitsa mkaka.

Odwala chifuwa chachikulu amamwa mankhwala amene amalemetsa chiwindi kale, ndipo mowa umaonjezera katunduyo. Amene ali pa ma ARV akaledzera amaiwala nthawi ya mankhwala. Odwala khunyu, shuga, kuthamanga kwa magazi ndi zilonda za m'mimba, komanso amene apatsidwa mankhwala a Flagyl, onsewa mowa umawapweteka. Woyendetsa njinga yamoto kapena yakapalasa ya kabaza akamwa amaika pa ngozi moyo wake ndi wa wokwera. Kukaniza munthu wamkulu nkovuta, komabe mawu aulemu monga akuti, "Achimwene, lero pakwana, kapumuleni, mawa kuli ntchito," amapulumutsa banja la womwayo ku njala ndi ndewu, ndipo amasunga mbiri ya pakhomo pa wofulula.

NKHOKWE NDI LAMULO

Asadanyike mbewu, woyamba kumene awerengere bwino. Chimanga, mapira, nkhuni, chigayo ndi masiku a ntchito zonse zili ndi mtengo wake, ndipo omwa pa ngongole ambiri sabweza. Chimanga chimene chachotsedwa m'nkhokwe mu Juni kuti chikhale mowa chimadzagulidwanso mu Januwale ndi Febuluwale pa mtengo wokwera, nthawi imene ana amanyentchera. Chakudya cha banja cha chaka chonse chipatulidwe poyamba, ndipo ku mowa kupite chotsala chokha. Amene akufuna ndalama chabe aganizirenso za thobwa latsopano, limene limafuna luso lomwelo, limagulidwa ndi anthu a misinkhu yonse pa misika monga ya Chitakale ndi Limbuli, ndipo silibweretsa ndewu pakhomo. Malangizo onse a mbewu, madzi ndi ziwiya amagwiranso ntchito pa thobwa, makamaka popeza ana ndiwo amalimwa kwambiri.

Kugulitsa mowa kumayendetsedwa ndi lamulo la zakumwa zoledzeretsa la mu 1979, ndipo mu 2017 boma lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yochepetsa mavuto obwera ndi mowa. Amene akufuna kugulitsa ayambe waonana ndi a mfumu, kenaka akafunse ku ofesi ya khonsolo ya boma la Mulanje za chilolezo ndi nthawi zololedwa kugulitsa.

ANTHU AKADWALA ATAMWA

Chakudza sichiimba ng'oma, choncho wofulula aliyense adziwiretu chochita. Anthu awiri kapena oposerapo amene adamwa mowa umodzi akayamba kusanza, kutsegula m'mimba, kumva chizungulire chachilendo, kupuma movutika, kuona mwachimbuuzi, kukomoka kapena kukhala ndi maso achikasu, mowawo uleke kugulitsidwa nthawi yomweyo. Odwala apite nawo msanga ku chipatala chapafupi, monga cha pa Chonde, Chambe kapena Muloza, kapena ku chipatala chachikulu cha boma ndi cha Mulanje Mission. Asasiyidwe kuti agone poganiza kuti ndi kuledzera wamba. Wokomoka agonekedwe chammbali kuti masanzi asamutsamwe, ndipo asakakamizidwe kumwa kanthu.

Mowa wotsala, ufa ndi chimera zisatayidwe kapena kubisidwa, koma zisungidwe pamalo poti wina sangazikhudze ndi kuperekedwa kwa a zaumoyo kuti zikapimidwe. A mfumu ndi mlangizi wa zaumoyo auzidwe mwamsanga, kuti onse amene adamwa kapena kutengera mowawo kunyumba achenjezedwe, ngakhale amene sadayambe kumva kanthu. Wofulula amene waulula msanga amapulumutsa miyoyo. Nthawi imene imathera pofunafuna mfiti kapena mdani ndi nthawi imene odwala akadakhala akulandira chithandizo, ndipo ku Chitima kudaoneka kuti woyambitsa imfazo adali ufa wonyowa.

Mayi amene akuganiza zoyamba kufulula angachite bwino kukhala pansi ndi munthu wachikulire wodziwa ntchitoyi kuti aphunzire luso lake, ndiponso kucheza ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake tsiku la sikelo kapena pobwera kuchipatala. Ayambe ndi mbiya yaing'ono. Lamulo losavuta kulikumbukira ndi lakuti mbewu imene sangaphikire ana ake nsima, madzi amene sangamwetse khanda lake, ndi chiwiya chimene sangasungiremo madzi akumwa, zonsezi siziyeneranso mowa wa anansi ake.